Munthu Amene Ankathothola Maluwa a Pitanga

Atsibweni anga a Lazaro Mbewe tinawaika m'manda m'nyengo yozizira chaka chino, ndipo palibe mwana ndi mmodzi yemwe wa m'mudzi muno amene anagwetsa msozi. Sindingawanene anawo. Ine ndemwe, mwana wa mlongo wawo, ndinakula ndikuwaopa kuposa njoka. Anali aatali, oonda, osaseka, ndipo ankayenda maso ali pansi ngati munthu amene wataya singano. Paphewa pawo sipankachoka nsungwi yaitali kwambiri yokhala ndi waya wopinda kunsonga. Ana a kuno ku Nsadzo ankawatcha a Chithothola, koma ankatero akaona kuti nsungwiyo yafika kutali.

Dzinalo linabwera chifukwa cha ntchito yawo, imene mlendo aliyense ankaiyesa misala. Chaka chilichonse, dzuwa likafika powawa mvula ili pafupi, zitsamba za pitanga za kumtsinje zimachita maluwa oyera. Anthu ena maluwa amawasirira. Atsibweni ankalawirira kukawakwapula ndi nsungwi ija mpaka onse atayoyoka, kuti pasakhale chipatso ngakhale chimodzi. Ankatero tsiku ndi tsiku mpaka maluwa atasiya kutuluka, ndipo ankabwerako khosi litatupa ndi mbola za njuchi.

Ine ndinawaona koyamba nkhondo itatha, tsiku limene tinafika kuchokera ku Zambia kumene tinathawira. Iwo sanathawe nafe, zaka zonsezo ankabisala m'mapiri. Ndinali kamtsikana kodzimva, kodziwa mawu awiri atatu a Chingerezi, ndipo ndinkayembekeza kuti atsibweni atilandira ndi nkhuku. Tisanatule n'komwe katundu, moni asanapereke, anatiitana.

"Ana nonse, bwerani kuno. Imani apa."

Anatulutsa kanthambi m'thumba la malaya n'kundiloza nako kumaso.

"Iwe wamkulu, ichi n'chiyani?"

Ndinayankha msangamsanga kuti ndi gwafa wamng'ono. Anandikoka khutu mpaka ndinaimirira ndi zala.

"Ndi mbale wake wa gwafa, koma si gwafa. Gwafa masamba ake ngokhakhala. Awa ngaang'ono, ngosalala, akunyezimira ngati apakidwa mafuta. Penya, amakhala awiriawiri, lina uku lina uku, ndipo anthete a kunsongawa ngofiirira. Tsopano fikisa. Nunkhiza!"

Ndinafikisa tsambalo ndi zala. Fungo lakuthwa, ngati utomoni wosakaniza ndi bulugama, linandilowa m'mphuno mpaka misozi inalengeza. Kenako anatiuza tonse kuti tiloze tsamba kudzuwa, tione timadontho towala tomwe tili m'kati mwake.

"Dzina lake ndi pitanga," anatero. "Ukamva fungo limeneli m'tchire, ima pomwepo. Usathamange, usabwerere, usakhale pansi. Ima, ukuwe mpaka ine ndikumve. Mwamva?"

Mng'ono wanga anadzikodzera ali chiimire. Amayi anakalipa kuti ndi moni wanji umenewu woopseza ana amene angofika kwawo. Patapita masiku atatu, ng'ombe ya banja lina limene tinabwera nalo inatsikira kumtsinje kukamwa madzi. Tinamva kuphulika kumene kunagwetsa mbale pathandala. Amuna atapita kukasuzumira chapatali, anaona nyama italendewera panthambi za chitsamba cha masamba onyezimira chija. Kuyambira tsiku limenelo amayi sanawakalipirenso pa nkhani ya ana.

Sikuti anthu anayamba kuwakonda ayi. Atsibweni anali munthu wovuta kukhala naye. Akamayenda ndi munthu sankalola kuti awatsogolere. Mwana akapatuka panjira kukataya madzi, ankamulalatira ngati waba mbuzi. Akazi awo anawapirira zaka zingapo, kenako anabwerera kwawo ku Cassacatiza, akuti atopa kukhala ndi mwamuna amene amadzidzimuka mtondo ukagwa. Atsibweniwo ankakonda kunena kuti nthaka siiwala chimene waisungitsa, amaiwala ndi munthu, ndipo ankanena zimenezi ngakhale paukwati, anthu akufuna kuvina.

Mkangano umene anthu amaukumbukirabe ndi wa apulofesolo. Kunabwera mphunzitsi wina wochokera kumunsi, ku Kelimane, munthu waulemu ndi wokonda ana. Ataona kuti bwalo la sikola lili pambalambanda, anaitanitsa timbande ta pitanga kuchokera kwawo n'kudzala mzere wonse kuti pakhale mpanda. Atsibweni atamva, analowa pabwalopo masanasana ana ali m'kalasi, n'kuyamba kuzula kamodzikamodzi.

"Senyoro Lazaro, mwazungulira mutu kodi?" anafuula mphunzitsiyo, choko chili m'manja. "Kwathu ana amadya zimenezi tsiku ndi tsiku, palibe wafa!"

"Kwanu n'kwanu, apulofesolo," anayankha osaweramuka n'komwe. "Mwana akalawa kuno kusikola, mawa akazifunafuna kumtsinje. Mudzakamutola ndinu?"

Akuluakulu anawakhazika pansi kuti apepese, iwo anakana. Koma m'mawa mwake anabwera ndi timbande ta mandimu m'dengu, n'kudzala m'maenje omwe aja, kuthirira, n'kuchoka osapereka moni. Mandimuwo alipo mpaka lero, ndipo ana amagendana nawo.

Nkhani ya mmene pitanga anafikira kumtsinje anaifotokoza kamodzi kokha, amayi atawapanikiza kwambiri. Ine ndinali pakhonde ndikusankha nyemba, ndipo ndinamva zonse. Ali mnyamata ankagwira ntchito ya m'dimba kwa Mpwitikizi wina amene anali ndi loja, ndiye kuti sitolo, kuno, ndipo kumeneko ndi kumene anaphunzira kudzala pitanga ngati mpanda. Ankati njere yake sichedwa kufa, uidzale isanaume, m'dothi lonyowa, osakwirira kwambiri, ndiye udikire mwezi wathunthu usanataye mtima. Mwini loja atachoka, mpanda unatsala, iwo n'kumausamalirabe ngati wawo. Analinso ndi chizolowezi cha anthu a m'dimba: akadya chipatso, njere sankataya, ankaiponya m'thumba.

Tsiku lina m'kati mwa nkhondo, mvula yoyamba itagwa, mudzi wonse utathawa, anthu a mfuti anawapeza pampanda paja akudya pitanga. Anawasenzetsa bokosi n'kupita nawo kunjira yotsikira kumtsinje, kumene akazi ankatunga madzi. Kumeneko anawapatsa khasu, akuti munthu wa m'dimba amakumba mwaudongo. Anakumba maenje asanu ndi awiri mfuti ili pamsana, ndipo m'dzenje lililonse anthu aja anaikamo mina, bomba lija lokwirira pansi lodikira phazi la munthu. Atsibweni ankauzidwa kufotsera ndi kuwaza masamba pamwamba kuti pasaoneke. Ndiye akawerama, ankagwetsa njere ziwiri kuchokera m'thumba n'kuzikanikiza m'dothi ndi chidendene, pambali pang'ono pa dzenjelo.

Nzeru imeneyi inapulumutsa anthu, sindikana. Koma taonani chimene anasankha. Pa malo a imfa anaikapo chitsamba chobereka tizipatso tofiira, ta nthitinthiti ngati kadzungu kakang'ono, totsekemera mowawasa, toti mwana akationa sangatipitirire. Chikhala kuti m'thumbamo munali njere za mtengo wa minga, bwenzi zinthu zili bwino. Iwo eni ankati anafuna kuika chizindikiro koma anaika nyambo. Kuwonjezera apo, zaka zimene kunalibe anthu, apumbwa ankadya zipatsozo n'kumwaza njere paliponse. Pamene tinkabwerera, zitsamba zisanu ndi ziwiri zija zinali zitabereka ana ndi adzukulu, gombe lonse litawirira.

Patapita zaka kunabwera anthu ochotsa mabomba, ndi zovala zawo zolemera ndi makina olira. Atsibweni anawatsogolera, akuloza ndi nsungwi tsinde lakale lililonse, ndipo anthuwo anafukula mina zisanu pamalo enieni amene analozedwa. Kuphatikizapo ija inapha ng'ombe, zinakwana zisanu ndi imodzi. Yotsiriza, ya pamene mtsinje umakhota, sanaipeze. Anadula zitsamba, anafufuza masiku ambiri ndi mtima wonse, kenako anati mwina madzi osefukira anaikokolola, kapena inaphulikira nguluwe kalekale kulibe womva. Anthu ambiri anakhulupirira, ndipo mwina n'zoona. Atsibweni anangopukusa mutu. Anati pokhota paja mtsinje umaunjika matope chaka chino n'kuwachotsa chaka chamawa, ndipo chimene chamira lero chidzatulukira tsiku lina.

"Ine ndinakumba asanu ndi awiri," anatero. "Ndinali ndi mantha, koma kuwerenga ndinkawerenga."

Pitanga ukamudula amaphukanso kuchokera kumizu, ndipo pa zaka ziwiri pokhota paja panali patawiriranso. Atsibweni anayesa kutchinga ndi minga, koma moto wa kutchire ndi chiswe zinkamaliza mpandawo chaka chisanathe. Choncho anatsala ndi njira imodzi yomwe ija, yokwapula maluwa. Anali ndi malo atatu oimapo m'kati mwa tchirelo, amene anawafufuza okha ndi zala, ndipo kuchokera pamenepo nsungwi inkafika paliponse. Mmene ankafikira pa malo amenewo, ankadziwa ndi iwo okha.

Tsopano ndinene za mwana wanga Rozita. Anali ndi zaka zinayi, asanafike msinkhu umene atsibweni ankaphunzitsa ana kununkhiza tsamba. Chaka chimenecho iwo anagona ndi malungo kuchipatala cha ku Chifunde pafupifupi milungu itatu, nyengo ya maluwa yeniyeni. Pitanga sachedwa. Duwa likafota, patangopita milungu yochepa chipatso chafiira kale. Ine ndinkadziwa zimenezi, komabe ndinapita ndi mwana kukachapa padooko latsopano, kumtunda pang'ono kwa pokhota paja. Ndinamukhazika pamwala n'kumupatsa chinangwa. Ndinawerama kutsukuluza nsalu ya kapulana imodzi yokha, ndipo poweramuka pamwala panalibe munthu.

Ndinamuona m'kati mwenimweni mwa zitsamba zija, ataimirira ndi zala, kadzanja kali m'mwamba, kukamwa kuli psuu. Miyendo yanga inayamba yokha kuthamanga. Ndisanafike patali, dzanja linandigwira tsitsi kumbuyo n'kundigwetsa chagada, lina n'kunditseka pakamwa. Anali atsibweni. Anali atangotsika pamota, njinga yamoto ija, kuchokera kuchipatala, ndipo asanalowe n'komwe m'nyumba anatola nsungwi yawo panja n'kutsikira kumtsinje kukaona zimene zabereka iwo kulibe.

"Usamuitane," ananong'ona, mpweya wawo ukununkha mankhwala. "Akamva mawu ako athamangira kuno. Luma kapulanayo, khala chete."

Ndinaluma nsaluyo mpaka mano anawawa. Iwo anavula nsapato, n'kuchotsa waya wa kunsonga kwa nsungwi, n'kugwada. Ndiye ndinamva mawu amene ndinali ndisanawamvepo pakamwa pawo, mawu ofewa ngati a mayi woyamwitsa.

"Rozita, mdzukulu wanga, wapeza zokoma eti? Usasunthe, ndikubwera tidye limodzi. Tiye tione amene angaime ngati mtengo. Mtengo umayenda?"

"Suyenda," anayankha mwanayo, akutafuna.

"Eya. Ndiye tandiwerengera, kachipatso kali m'manjako kali ndi nthiti zingati?"

Anayamba kukwawa. Ankasesa masamba ouma ndi nsonga za zala, n'kulowetsa waya m'dothi chopendeketsa pang'onopang'ono, apa, apa, apa, kenako n'kuika bondo pamene afufuzapo. Pomwe mwanayo anadutsa sipankaoneka, chifukwa phazi la mwana silisiya chizindikiro pamasamba. Mtunda wake unali ngati kuchokera pakhomo kufika pankhokwe, koma mthunzi wa mtengo umene ndinagwerapo unasuntha mpaka kundisiya padzuwa iwo asanafike pakati. Thukuta linkadontha pachibwano chawo, ndipo mikono inkanjenjemera ndi malungo aja. Pakamwa pokha sipankanjenjemera. Ankamufunsa mwanayo ngati pali duwa lotsalira, ndi kuti ndevu zoyera za duwalo n'zambiri kuposa za mbuzi kapena ayi, ndiponso ngati kunsonga kwa ndevuzo kuli kaufa kachikasu. Rozita ankaseka n'kumayankha.

Kenako chipatso chimodzi chinamupulumuka, n'kugubudukira chakumadzi. Mwanayo anatembenuka n'kunyamula phazi kuti achitsatire. Ine ndinafa pamenepo. Ndikunena zoona, maso anga anada, ndipo ndinamva mkodzo ukutsika m'miyendo.

"Aa, chimenecho chili ndi mphutsi, chisiye," anatero atsibweni, mawu osakwera ngakhale pang'ono. "Tayang'ana pamwamba pa mutu wako. Chachikulucho wachiona? Chimenecho ndi changa, undisungire."

Phazi lija linabwerera pamene linali. Atamufika, anamunyamula n'kumuika pamsana, n'kuyamba kubwerera chafutambuyo, bondo lililonse m'kadzenje kamene linasiya popita. Atatuluka anamutsitsa pamchenga, n'kumufumbatula manja, n'kulowetsa chala m'tsaya mwake kuchotsa njere zimene anasunga. Kenako anapita kuseri kwa mwala n'kusanza. Ine ndinkayembekeza mbama, ndipo ndikanailandira. Pobwera anangokhala pansi pafupi nane, akupukuta pakamwa.

"Usadzitukwane," anatero. "Mwana ndi wako, koma dzenje ndi langa."

Kuyambira chaka chimenecho ndinayamba kuwavutitsa kuti andionetse njira yofikira pa malo atatu aja. Ndinkati tsiku lina adzadwalanso, kapena adzakalamba. Ankakana mwaukali. Ankati akandionetsa ine, ine ndidzaonetsa Rozita, ndipo mlandu wa munthu mmodzi udzakhala cholowa cha banja lonse. Tinakangana pa zimenezi zaka zambiri. Tsiku lina ndinawanena kuti ndi ouma mutu ngati chitsa, iwo anati chitsa n'chabwino chifukwa sichiponda paliponse, ndipo tinakhala mwezi osalankhulana. Rozita anakula, anakwatiwa ku Tete, tsopano ali ndi ana ake. Maso a atsibweni anayamba kuchita khungu, koma ankapitabe, akupapasa ndi zala za kumapazi njira imene thupi lawo linailoweza.

Chaka chino, chifuwa chitawagwira, ndinapita kukawaphikira phala. Anali atagona pamphasa pakhomo kuothera dzuwa, ataonda ngati nsungwi yawo yomwe. Ndinagwada pafupi.

"Atsibweni, taonani mmene mulili. Ndiuzeni poima."

Anatsokomola, n'kutembenukira kwa ine.

"Pakamwa sizingatheke," anatero. "Ndikakuuza kuti kumanzere, kumanzere kwake kuti? Maluwa akayamba tidzapita limodzi, udzaponde pamene ine ndaponda. Wapambana, mwana wa mlongo wanga."

Anamwalira patatha masiku asanu ndi anayi, maluwa kudakali miyezi itatu.

Maluwawo anabwera pa nthawi yake, ochuluka kuposa mmene ndinawaonerapo, gombe lonse mbee, njuchi zikulira ngati mota ili patali. Ndinayesa kuwakwapula nditaima panjira, koma ndinkangofika zitsamba za m'mphepete. Ndinapita kwa akuluakulu a mudzi, iwo anandimvera mwaulemu, anati akalembera a boma, komanso anandikumbutsa kuti malowo anapimidwa kale ndi makina. Ndinaitana ana kuti ndiwanunkhizitse tsamba, koma ine sindine a Chithothola. Ana a masiku ano sanamvepo kuphulika, ndipo anangoti fungolo n'labwino.

Dzulo mvula inagwa, ndiye lero masana ndinatsikira kumtsinje n'kuima panjira. Kale ukasuzumira pakati pa nthambi unkatha kuona timalo titatu toyera, tolimba ngati pabwalo, pamene munthu anaimapo zaka zonse zija. Lero udzu wamera, ndipo ndinayang'ana mpaka maso kuwawa osazindikira ngakhale pamodzi. Nthambi zawerama ndi zipatso, zina zikadali zachikasu, zambiri zafiira. Kunalibe munthu, apumbwa okha ndiwo ankalongolola. Pafupi ndi phazi langa panali njere zolavulidwa kumene, zikadali zonyowa, nyerere zitangoyamba kuzizinga. M'matope munali mapazi ang'onoang'ono opanda nsapato, ochokera kunjira ya kusikola, olowa m'zitsambamo. Ndinagwada n'kuwerenga olowa, kenako otuluka, kenako n'kubwerezanso. Analowa ana atatu. Lero atuluka atatu.